Munda Umene Anausesera Alendo

Tinanyamuka ku Zomba Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, nthawi itangokwana 6 koloko m'mawa. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi: ophunzira asanu a chaka chomaliza cha maphunziro ofukula zakale, ndi mphunzitsi wathu, Mayi Chirwa. Anzanga anali kuseka uku akugawana mandasi. Ine ndinalandira limodzi, koma ndinakafika nalo ku Liwonde lili m'dzanja losaluma, pakuti ulendo wonsewo unachokera pakamwa panga.

Mwezi umodzi izi zisanachitike, Mayi Chirwa anatitengera ku nyumba ina yosungiramo zinthu zakale. Titatha kuona zoikidwa m'magalasi, anatilowetsa m'chipinda cha kuseri, natsegula kabati yodzaza ndi mapale, ndiko kuti zidutswa za miphika yadothi. Anali okongola, olembedwa mizeremizere m'milomo mwake. "Kukongola akongola," anatero mayiwo, "koma palibe amene akudziwa pamene anatoledwa. Phale likachoka pamalo pake popanda munthu kulemba kuti linali pati, ndipo linagona pafupi ndi chiyani, limasanduka bubu. Mungalifunse mpaka mawa, silikuyankhani."

Pomwepo ndinakweza dzanja. Ndinanena kuti kumudzi kwa amayi anga, kufupi ndi Ulongwe, kuli munda umene mapale ali mbwee, pamodzi ndi miyala yakuda, yolemera ndi yobowokabowoka, imene imatsala anthu akasungunula chitsulo m'ng'anjo. Ndinayankhula molimba mtima ngati munthu amene waziona dzulo, chonsecho ndinaponda m'mundamo komaliza ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mayi Chirwa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Tipita tikaone, Mariamu. Ngati malowo ali monga mukunenera, kafukufuku wanu womaliza mulemba za kumeneko. Ngati si choncho, muyambe kufuna mutu wina, ndipo mukudziwa kuti kwatsala miyezi inayi."

Mundawo ndi wa mayi anga aang'ono, a Hawa. Amuna awo, Che Twaibu, ndiwo ali ndi foni, ndipo ndinawaimbira katatu. Ndinawauza chiwerengero cha alendo. Ndinawauza kuti akubwera ndi anthu ophunzira kwambiri, kuti pakhale mthunzi ndi madzi akumwa, ndiponso kuti Mayi Chirwa samwa tiyi wa shuga. Ndinkaganiza kuti palibe chimene ndasiya.

Pa siteji, kondakitala wa minibasi anayang'ana ndodo yathu yoyezera, yaitali mamita awiri, yopakidwa utoto wofiira ndi woyera, nati, "Aliyense zikwi zisanu ndi chimodzi mpaka pa Liwonde. Iyinso ilipira mpando."

"Ikhala ndi matako ati, achimwene?" anafunsa Limbani, mnzanga wa m'kalasi amene satha kudutsa munthu osamuputa. Minibasi yonse inaseka, ndipo ndodoyo inalowa kunsi kwa mipando yaulere. Limbani atakhala pansi anatembenukira kwa ine. "Mariamu, saiti yako ija ikakapezeka kuti ndi dzala la kuseri kwa khitchini, pobwerera utibereka."

"Si saiti," ndinamuyankha, "ndi malo akale." Mawu ndinamukonzera bwinobwino, koma za dzalazo zinandilowa mumtima. Kodi maso a mwana wa zaka khumi ndi chimodzi amadziwa kusiyanitsa mphika wa makolo ndi mphika umene unasweka chaka chathachi? Kuyambira pa Domasi mpaka pa Malosa ndinali kuwerenga zinthu zimene zikanachitikira mundawo m'zaka khumi ndi ziwiri. Mwina anaumbapo njerwa. Mwina madzi anakokolola. Mwina ndinangolota. Titayamba kutsetsereka mapiri a Machinga, mphepo yozizira inatsalira kumbuyo, ndipo pazenera panayamba kulowa mpweya wotentha ngati wochokera pa chitofu.

Pa Liwonde tinafika cha m'ma 8 koloko. Pamenepo tinatsika ndi kukwera minibasi ya ku Mangochi, imene kondakitala wake analumbira kuti yatsala munthu mmodzi. Munthu mmodziyo tinamudikira mphindi makumi anayi. Pafupi ndi ine panakhala mayi wina atapakata beseni la nsomba zowamba. Anasuzumira kunsi kwa mpando, naona ndodo ija, nayang'ananso tepi yoyezera imene inali m'manja mwa Limbani.

"Mukukayeza malo a ndani, ananu? Akufunanso kulanda minda?"

"Iyayi, mayi," anayankha Mayi Chirwa. "Tikukaona mapale."

"Mapale?" Mayiyo anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Kuchokera ku Zomba? Mukanandiuza ndikanakutengerani, kwathu timamwetsera nkhuku."

Tisananyamuke ndinaimbanso foni kumudzi kuti adziwe pamene tafika. "Bwerani basi, mwanangu," anatero Che Twaibu mosangalala. "Sabata yonseyi sitinapume. Sitingakuchititse manyazi pamaso pa aphunzitsi ako." Ine ndinaganiza za mpunga ndi nkhuku, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinaluma mandasi aja. Tinawoloka Shire, madzi akuphulika pa zitseko za pamlatho ndi namasupuni ataunjikana m'mbali, kenaka tinakhotera kumsewu wa ku Mangochi, pakati pa milambe yopanda masamba ndi minda imene anthu anali atayamba kusosa.

Pa Ulongwe tinatsika nthawi ikuthamangira 10 koloko. Kuchokera pamenepo kupita kumudzi kulibe galimoto, choncho tinakwera njinga zamoto zitatu, awiriawiri. Ine ndinakhala pa njinga yotsogola, Limbani kumbuyo kwanga atanyamula ndodo paphewa ngati mkondo. Nditatchula kumene tikupita, woyendetsayo anaseka mpaka chiwongolero chinagwedera.

"Kwa Che Twaibu? Aja akusesa munda?"

"Akusosa," ndinatero.

"Iyayi, achemwali, kusesa. Ndi tsache lenileni. Kuyambira Lolemba banja lonse lili m'munda chowerama, kutola timiyala, kutola timapale, kenaka tsache. Munda kuwala ngati bwalo la mzikiti pa Idi! Anthu akuti mwina kukubwera nduna."

Njinga inali kudumpha m'mchenga, fumbi likulowa m'mano, koma ine ndinali kumva mawu a Mayi Chirwa okha, aja a m'chipinda cha kuseri. Ndinabwereza m'mutu foni zanga zitatu zija, mawu ndi mawu. Mthunzi, madzi, shuga. Panalibe paliponse pamene ndinati musakhudze kanthu. Ndinayembekeza kuti Limbani aponya nthabwala. Sanaponye, ndipo kukhala chete kwakeko kunandiopsa kuposa nthabwala zake zonse.

Njira yolowera kumunda tinaipeza italambulidwa, m'mbali mwake atandanda miyala yopakidwa njereza. Pansi pa mtengo wa mango panali chisakasa chatsopano cha udzu, mipando iwiri ndi mikeka. Che Twaibu anatichingamira atavala mkanjo woyera, nagwira dzanja la Mayi Chirwa ndi manja awiri. Mayi aang'ono anandikumbatira akululutira. Ine maso anga anali kuseri kwa phewa lawo. Munda umene ndinkaukumbukira uli mbwee mapale unali see, woyera, zipsera za tsache zikuoneka panthaka kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Ndipo pa mikeka iwiri, patsogolo pa mipando, panali milu iwiri ya mapale ndi miyala yakuda ija, yotsukidwa, yosanjidwa kuyambira zazikulu mpaka zazing'ono ngati tomato pamsika.

"Amayi, takulandirani," anatero Che Twaibu. "Mwana wathuyu atatiuza kuti mukubwera kudzaona mapale, tinati iyayi, anthu olemekezeka asamawerame padzuwa lino ngati akukunkha mtedza. Zonse nazi. Mungokhala pampando n'kumasankha."

Mayi Chirwa anagwada, natola phale limodzi, nalitembenuza. "Mwaye wa kunjaku unalipo, bambo?"

"Unalipo, wakuda bii! Koma musade nkhawa, takwecha ndi mchenga ndi sopo."

"Nanga makala? M'mundamu munali timakala?"

"Tinasesa, tinatenthera pamodzi ndi zinyalala."

"Mapale onsewa ndi olembedwa. Osalembedwa panalibe?"

"Aa, amenewo ndiwo anali ambiri, koma osaoneka bwino. Tinakwirira nawo dzenje la pamsewu paja mwadutsa."

Amene sanaphunzire ntchito yathu sangadziwe kulemera kwa mayankho atatuwo. Mwaye umanena zimene zinaphikidwa. Makala ndiwo amapimidwa kuti tidziwe zaka. Ndipo mapale osakongola, pokhala ochuluka, ndiwo amasonyeza mmene anthu wamba ankakhalira. Mayi Chirwa anavula magalasi, nawapukuta kwa nthawi yaitali ndi ngodya ya chitenje chawo. Kenaka anati, "Zikomo kwambiri, bambo. Mwagwira ntchito yaikulu." Ndikanakonda akanandikalipira pomwepo.

Anatibweretsera thobwa. Anzanga anamwa maso ali pansi. Mayi Chirwa anandikodola, ndipo tinapatukira kuseri kwa mtengo.

"Munawauza chiyani pafoni, Mariamu?"

"Ndinawauza kuti simumwa tiyi wa shuga."

"Zokhazo?"

"Ndi za mthunzi."

"Anthuwa sanalakwe," anatero motsitsa mawu. "Alandira alendo monga alendo amalandiridwira kuno. Amene wakhala m'kalasi mwanga zaka zinayi ndi inu. Mapale awa tsopano ali ngati aja a m'kabati. Sindikuona chimene mungalembe."

Ndinaona miyezi inayi ija ikusungunuka, ndinaonanso mayi aang'ono ali poteropo akundimwetulira monyadira, osadziwa kanthu. Sindinadziwe kuti chondiliza kwambiri ndi chiti.

Titabwerera ku chisakasa, Mayi Chirwa anaima nayang'anitsitsa mikeka ija. Pakati pa milu iwiriyo panagonekedwa mpini wa khasu.

"Mpiniwu ukutani apa, mayi?" anafunsa.

"Kuti zisasakanizike," anayankha mayi aang'ono. "Mulu uwu ndi wanga. Uwo ndi wa achemwali anga, a Patuma." Analoza ndi mlomo kwa mayi anga aakulu, amene nthawi yonseyo anakhala pa mkeka wawokha chapatali, atatembenukira kumbali. "Mundawu amayi athu anatigawira pakati, iwo kumtunda, ine kumunsi. Ndinati aliyense atole kwake, alendo aone amene wagwira ntchito."

"Aone ndithu," anatero mayi aakulu osatembenuka. "Inu mumatola timapale topepuka. Ine ndanyamula miyala yothyola makasu madengu asanu ndi atatu. Khosi ili silikutembenuka."

Mayi Chirwa anavalanso magalasi. Ine ndinayang'ana milu ija kachiwiri, ndipo ndinaona chimene mantha anandibisira poyamba. Mulu wa kumunsi unali wa mapale pafupifupi okhaokha. Wa kumtunda unali wa miyala yakuda ija, mapale ochepa.

"Mukuona chiyani, Mariamu?"

"Kumunsi ankaphika," ndinayankha. "Kumtunda ankasungunula chitsulo."

"Mwina. Lembani kuti mwina. Nanga malire a minda iwiriyi ali pati?"

Apa Che Twaibu anaimirira msangamsanga. "Uko musapiteko, amayi, ndi kutchire. Ndinawapempha azimayi awiriwa kuti tilambuleko chifukwa cha alendo, koma anakana onse. Ndachita manyazi kwambiri."

Nkhani yake inatuluka pang'onopang'ono, mayi aang'ono akuyamba chiganizo, mayi aakulu akuchilanda. Amayi awo atamwalira, awiriwa sanagwirizane pamene malire akudutsa. Wina ankati ndi pa chitsa cha mthethe, wina ankati ndi pa chulu. Pakati pa chitsacho ndi chulucho panatsala kachigawo kotalika kudutsa munda wonse, kotambalala mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi, kamene kwa zaka khumi ndi ziwiri palibe anaikapo khasu. Woyamba kulimapo akanayambitsa nkhondo, ndipo woyamba kusesapo akanaoneka ngati akuti malowo ndi ake.

Tinapita kumeneko nthawi ili pafupi 12 koloko, dzuwa lili paliwombo. Kachigawoko kanali ka udzu wouma, chisoso ndi zitsamba zaminga. Mayi Chirwa anatilamula kuyenda pamzere, pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Ndinayenda maso ali panthaka. Mapazi makumi awiri oyamba sindinaone kanthu koma ndowe za mbuzi. Kenaka phale limodzi, losalembedwa, lakuda ndi mwaye, theka lili m'nthaka. Kenaka ena atatu. Pafupi ndi chulu, pamene madzi a mvula anakumba kangalande, Limbani anaima chilili.

"Mariamu," anatero monong'ona, "tabwera udzaone malo ako akale."

Panthaka panali mkombero wa dothi lopsa, lofiira, waukulu ngati pakamwa pa mgolo. M'mbali mwake munatulukira kachidutswa ka paipi yadothi, ija inkalowetsa mphepo m'ng'anjo, kunsonga kwake kutasungunuka n'kuwala ngati galasi. M'khoma la kangalandeko munkaoneka mzere wa makala. Zonse zinali pamene eni ake anazisiya. Dzanja langa linanyamuka lokha, ndipo ndinalibweza kumbuyo ndi linzake.

Sitinakumbe, pakuti chilolezo chofukula tinalibe, ndipo sitinatole kanthu. Tinagoneka ndodo ija pambali pa mkomberowo, tinajambula zithunzi, tinayeza mtunda kuchokera ku chulu ndi ku chitsa, ndipo ine ndinalemba mapu m'kabuku thukuta likudonthera papepala. Milu iwiri ija tinaiwerenga payokhapayokha, ndi kulemba kuti uwu unachokera kumtunda, uwo kumunsi, malo enieni osadziwika. Titamaliza, Mayi Chirwa anawerenga kabuku kanga tsamba ndi tsamba ine nditaima ngati wopalamula.

"Kanthu kalipo," anatero potsiriza. "Si kochuluka monga kakanakhalira, koma kakukwana. Mutu woyamba wa kafukufuku wanu mufotokoze za tsache, ndipo musabise kuti foni anaimba ndani."

Kenaka anapempha eni munda kuti pakachigawoko pasafike khasu kapena moto mpaka tidzabwerenso ndi chilolezo.

"Zaka khumi ndi ziwiri sindinalimepo, ndiyambe lero?" anatero mayi aakulu.

"Akangoyerekeza, ine ndikuimbirani," anatero mayi aang'ono.

"Inenso nambalayo mundipatse."

Ntchito yovuta inatsala inali yanga. Che Twaibu atabwerako ku swala, mapemphero a masana, tisanadye mpunga ndi nkhuku zija, ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, ndipo ndinawafotokozera zonse, za mwaye, za makala, ndi chifukwa chimene tchire limene ankachita nalo manyazi ndilo latipulumutsa. Ndinawauza kuti wolakwa ndi ine. Anamvetsera mpaka kumapeto akusisita ndevu, nayang'ana munda wawo woyera uja kwa kanthawi.

"Ndiye kuti sabata yonse ija timawononga?"

"Simunadziwe, bambo."

"Mawu amodzi okha, mwanangu. Ukanangoti musakhudze. Za shuga unanena katatu." Anagwira m'chiuno. "Msana wangawu ukanapuma, ndipo anthu a pa Ulongwe sakanandiseka."

Tinatsanzikana cha m'ma 3 koloko. Njinga zitafika, Che Twaibu anayandikira Mayi Chirwa, natsitsa mawu kuti azimayi aja asamve. "Amayi, pali kanthu kamodzi. Ine ndi ashehe takhala tikuyesa kuwayanjanitsa awiriwa mvula isanagwe, kuti malo aja adzalidwe chimanga. Tsopano nditani? Ndipitirize, kapena ndidikire mufukule kaye?"

Mayi Chirwa anaseka koyamba tsiku lonselo. "Ayanjanitseni, bambo. Koma pokagwirana chanza, makasu atsale kunyumba."

Pobwerera tinadutsanso pa dzenje la pamsewu lija, ndipo matayala a njinga anapyola pamwamba pa mapale osalembedwa aja akulira tswatswa. Ndinatseka maso. Pa Liwonde tinapeza minibasi ya ku Zomba yotsala munthu mmodzi, ndipo podikira munthuyo ndinatsegula kabuku kanga. Zaka zinayi ndinaphunzira kufunsa nthaka, koma sindinaganizepo kuti malo akale ali ndi eni ake amoyo, amene amasesa mlendo akamabwera, ndipo amayenera kuuzidwa chimene mlendoyo akudzafuna. Patsamba loyamba, pamwamba pa mndandanda wa tepi, ndodo ndi timatumba, ndinalemba mawu oyamba kunena pafoni ulendo wina uliwonse: chonde, musatikonzere kanthu kumunda. Kuyambira tsikulo, mitambo ikada kumpoto ndimaimbira mayi aang'ono kufunsa za moyo wawo, kenaka ndimaimbiranso mayi aakulu pa foni ya oyandikana nawo, ndipo aliyense amanditsimikizira kuti mnzake sanapondepo.